Malo Amene Ndinagwirira Achemwali Asiyatu

Ndikukumbukira Kitengela wa nthawi imene mbidzi zinkabwera kudzadya msipu kuseri kwa mpanda wathu. Amene akuidziwa tauniyo lero aziti ndikunama, koma ndinkaziona ndi maso angawa. Tinasamukirako chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kuchokera ku Westlands, mkati mwa Nairobi. Bambo ankagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza anthu othawa nkhondo, ndipo anali atatopa ndi nyumba yosanja imene tinkakhala, yopanda ngakhale poti munthu n'kudzala mpiru. Mnzawo wina anawauza kuti ku Kitengela kuli malo otakasuka, mphepo yabwino, ndipo pagalimoto m'pafupi pomwepa. Bambo anamva zoti m'pafupi, koma mawu akuti pagalimoto aja anawadutsa.

Nyumba yathu inali yomaliza, ndipo bambo ankanyadira zimenezi ngati analandira mendulo. Mlendo aliyense ankamulondolera chimodzimodzi: mukatsika pasiteji muzingoyenda kulowera kumene kumalowa dzuwa, nyumba yomaliza ndi yathu. Koma sipanapite nthawi, malole a miyala ndi mchenga anayamba kulowa tsiku ndi tsiku. Anabwera Akamba, Akikuyu, Akisii, Aluo, Asomali, ena ochokera ku Congo ndi ku Sudan. Mbidzi zinasiya kubwera osatsanzika. Bambo ankadandaula pa chakudya kuti anthu obwera achuluka, aononga malo. Ankaiwala kuti mwa obwera onsewo, ife a ku Malawi ndife tinachokera kutali kwambiri.

Walira mvula walira matope. Ofesi ya bambo inatsala ku Westlands, sukulu yanganso inatsala komweko. Tinkanyamuka kusanache kuti tithawe mdipiti wa galimoto pa msewu wa ku Mombasa. Amayi ankandinyamula ndi bulangeti lomwe n'kundigoneka kumpando wakumbuyo, ndipo ndinkadzidzimuka tili pageti la sukulu, tsaya lili ndi chidindo cha mpando. Pobwerera tinkaima mumsewu mpaka mdima, bambo akutukwana motsitsa mawu, ine n'kugonanso. Kutchalitchi tinkapita pagalimoto, kometa tsitsi pagalimoto, ngakhale mchere ukatha tinkadikira galimoto. Amayi sankayendetsa, choncho bambo akachoka ankangokhala mumpanda ndi nkhwani zawo. Minibasi za kumeneko, zimene amati matatu, anali asanakwerepo n'kamodzi komwe. Bambo anali atawauza kuti amenewo ndi mabokosi a maliro oika wailesi.

Kumapeto kwa sabata kwathu kunkabwera ophunzira a ku Malawi amene anali m'makoleji a mu Nairobi. Ankati abwera kudzationa, koma tonse tinkadziwa kuti abwera kudzaona usipa. Amene ndinkawakonda kwambiri anali achemwali Asiyatu, mtsikana wa ku Mangochi amene ankaphunzira za mankhwala. Anali ochepa thupi, oyenda mofulumira, ndipo mpango wawo unkanunkhira sopo wabwino. Amayi anawapatulira poto wawowawo amene sanaphikidwemo nkhumba, ndipo ankawamvera chisoni kwambiri poti ankayendera matatu. Potsanzikana, bambo ankawatengera pagalimoto mpaka pakhomo pa hositelo. Kwa ife mlendo amaperekezedwa, ndipo ku Nairobi kuperekeza kwathu kunali kumeneko.

Loweruka limene ndikunenali bambo anali atapita kumpoto, ku misasa ya othawa nkhondo, galimoto ataisiya ku ofesi. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Achemwali Asiyatu anagona kwathu, ndipo m'mawa anati abwerera okha, njira akuidziwa. Amayi anakana kwamtuwagalu. Anati mwana wa eni sangatuluke pakhomo pawo ngati wathamangitsidwa. Anawalongedzera chikwama cha ufa woyera, usipa ndi nkhwani, anamanga chitenje chawo chatsopano, ine n'kundiveka nsapato za kutchalitchi, ulendo wa kusiteji.

Aka kanali koyamba kuti ndiyende wapansi kuchoka pageti pathu kukafika ku msewu waukulu. Ndinadabwa kwambiri. Pamene pagalimoto panali pongokhota kawiri, wapansi panali mtunda wotulutsa thukuta. Fumbi loyera linkalowa m'mano. Paliponse panali nyumba zosatha kumanga, zitsulo zili njo kuloza kumwamba, abulu akukoka ngolo za migolo ya madzi, nyama ya mbuzi ili lendelende m'mawindo, utsi wake wa kootcha ukutikola m'maso. Anthu onsewa anabwera liti, ine ndili kuti? Amayi anasokera kawiri konse, ndipo achemwali Asiyatu, mwaulemu, ankangoti, "Kapena tidzere uku, amayi." Tinafika pasiteji mlendo ali patsogolo, eni nyumba tikutsatira.

Panali matatu ina yojambulidwa mkango wofiira m'mbali mwake, nyimbo ikugunda mpaka magalasi kunjenjemera. Munali anthu ochepa chabe. Amayi ataona mipando yopanda anthu ija nkhope yawo inamasuka, chifukwa apa pokha anaona chinthu chimene ankachidziwa. Kwathu ku Zomba, minibasi yotere ndiye kuti muli ndi nthawi. Munthu amasiya chitenje kapena mwana pampando, n'kupita kukagula chinangwa, kukachezako ndi mlamu wake, pobwera n'kupeza dalaivala akungoliza injini kunamizira kunyamuka. Anandikweza, anandikhazika pampando wapawindo, n'kundisanjika chikwama chija pamiyendo.

"Uwagwirire malo achemwali akowa," anatero. "Usachokepo mpaka abwere. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Achemwali Asiyatu anayesa kunena kuti za kuno sizidikira, koma amayi anali atawagwira kale dzanja, akuti mlendo sangapite wopanda nthochi zodya panjira. Wamng'ono satsutsana ndi wamkulu pagulu, choncho anawoloka nawo msewu, akucheukacheuka.

Sindikudziwa kumene anthu aja anatulukira. Kondakitala, mnyamata wamtali wovala chipewa chotembenuza, anangokuwa kuti, "Tao, tao!" kutanthauza m'tauni, ndipo anthu anakhamukira pakhomo ngati nkhuku zoona madeya. Ndisanameze malovu matatu inali itadzaza, ena ataima chowerama. Kondakitala anamenya chitsulo kawiri ndi chikhatho, ndipo tinanyamuka. Pawindo ndinaona amayi tsidya lina la msewu atawerama, msana uli kwa ine, akutembenuza phava la nthochi kuti aone ngati lili ndi mabala.

Anthu amandifunsa chifukwa chimene sindinakuwe. Poyamba ndinkayesa kuti dalaivala akunamizira, azungulira n'kubwerera monga ankachitira a ku Zomba tikapita kutchuti. Komanso ine ndinaleredwa kuti mwana sakweza mawu pakati pa akuluakulu, ndipo bambo ankakonda kutikumbutsa kuti kwa eni kulibe mkuwe. Ndinaitana ndithu kuti "Amayi," koma ndi mawu a m'tchalitchi, moti ngakhale ineyo sindinadzimve. Titadutsa nyumba zomaliza za m'mbali mwa msewu, liwiro linangowonjezeka. Ndinadziwa kuti ndapita.

Kondakitala anandiyesa mwana wa mayi wonenepa amene anakhala pafupi nane, ndipo anafuna kundinyamula kuti andikhazike pamiyendo pawo, wina akhale pamalopo. Ndinakakamira chitsulo cha mpando ndi manja onse awiri. Anandikoka, ine nji. Mayi aja anamukalipira m'chinenero chawo kuti asiye mwana, iye anangopukusa mutu. Bambo wina wonyamula zitini za penti anadzipanikiza pambali panga, moti malo a achemwali Asiyatu ndinatsala ndikugwira theka lokha. Koma thekalo ndinaligwira zolimba.

Msewu umenewu ndinkadutsamo masiku onse a sukulu, koma tsiku limenelo ndinauona koyamba. Ndinaona fakitale ya simenti ku Athi River, mitengo yozungulira ili mbuu ngati yathiridwa ufa. Ndinaona malole ataima mzere wautali kudikira sikelo, ndipo m'mbali mwake mutamera tauni yathunthu ya malata, ya malo ogona ndi odyera. Ndinaona ndege ikutsika pafupi kwambiri moti ndinabisa mutu. Chimene chinandizunguza kwambiri chinali anthu oyenda pansi. Anali ambirimbiri, m'mbali zonse ziwiri, ena atanyamula mafosholo, ena atavala mataye, nsapato zili fumbi lokhalokha. Ine ndinkayesa kuti m'Nairobi munthu aliyense ali ndi bambo wake womuyendetsa. Pamene tinaima mumdipiti, ndinasuzumira m'galimoto ina yabwino imene inali pambali pathu. Kumpando wakumbuyo kunali kamnyamata ka msinkhu wanga, kali mtulo, kukamwa kuli yasa.

Sitinafike pamalo pamene matatu za ku Kitengela zinkathera, pafupi ndi siteshoni ya sitima. Dalaivala anaona apolisi kutsogolo, anakhotera pa raundabauti, ndipo kondakitala anayamba kutsitsa anthu pamsewu pomwepo. Onse anatsika, mayi onenepa aja nawonso. Ndinatsala ndekha ndi chikwama changa. Kunja kunali nyumba zazitali zotseka thambo ndi chikhamu cha anthu chimene sindinaonepo, onse akuthamanga, palibe woyang'ana mnzake.

"Wewe, mtoto wa nani?" anafunsa kondakitala, kufuna kudziwa kuti ndine mwana wa yani.

Chiswahili changa chinali cha m'kalasi, chopatsira moni ndi kuwerenga mpaka khumi. Ndinamuyankha m'Chingerezi kuti sindingatsike chifukwa ndikugwirira malo achemwali anga, amene akugula nthochi ku Kitengela. Anaseka mpaka kugwira chitseko, anauza dalaivala, nayenso anaseka. Kenaka onse awiri anasiya kuseka nthawi imodzi, ndipo mpamene ine ndinayamba kulira. Nthawi yondinyengerera panalibe, popeza anthu obwerera ku Kitengela anali atayamba kale kulimbirana pakhomo. Anangondiloza ndi chala kuti ndikhale pomwepo, ngati kuti ndinali ndi maganizo ochoka.

Pobwerera dzuwa linali litakwera, ndipo usipa uja unayamba kudziwika. Mtsikana wina wovala bwino anatseka mphuno ndi kampango, akundiyang'ana ngati ndine ndaola. Ine ndinakumbatira chikwamacho n'kuika mphuno pazipi. M'galimoto monsemo, chinthu chokhacho chimene chinkandidziwa chinali fungo limenelo.

Titafika ku Kitengela amayi panalibe. Kondakitala anagwada pakhomo la matatu n'kundifunsa kuti kwathu n'kuti, kuti apeze munthu wondiperekeza. Ndinayankha mosakayika kuti nyumba yathu ndi yomaliza. Anandiyang'ana, kenaka anatambasula dzanja kuloza mbali iyi, mbali iyo, ndi kutsogolo. Kulikonse kunali madenga, madenga, mpaka kumene maso amalekezera, ndipo kuseri kwake fumbi la malole ena obweretsa miyala. Anafunsa kuti yomaliza iti. Anafunsa dzina la msewu, nambala ya nyumba, sitolo imene tayandikana nayo. Sindinadziwe n'chimodzi chomwe. Njira imene tinadzera m'mawa inali itasokonekera m'mutu mwanga, poti ndinkangotsatira mpango wa achemwali Asiyatu. Ndinkadziwa mtundu wa geti lathu ndi kulira kwa hutala ya bambo, basi. Mantha a m'tauni aja anali ochepa poyerekeza ndi awa. Ndinali kwathu, koma kwathuko sindinkakudziwa.

Amene anandipulumutsa anali mayi wogulitsa nthochi wa tsidya lija la msewu. Anawoloka msewu akuthamanga, akulankhula ndi manja omwe. Anafotokozera kondakitala kuti mayi wa mwanayu anakuwa mpaka msika wonse kuima, anataya nthochi pansi, n'kudziponya m'matatu yotsatira pamodzi ndi mtsikana wa mpango, ndipo apita kukamufuna ku siteshoni ya sitima. Anathyola nthochi imodzi pa phava limene amayi anasankha lija n'kundipatsira pawindo. Kondakitala anavula chipewa, anakanda m'mutu, anachivalanso. Kenaka anamenya chitsulo kawiri, ulendo wa m'tauni kachiwiri.

Ulendo uwu tinakafika mpaka kumapeto, dzuwa litapendeka. Pamalopo panali matatu zosawerengeka, utsi, mahutala, anthu akukankhana. Kondakitala, amene ndinali nditamuuza kuti ndife a ku Malawi, analendewera pakhomo akukuwa kuti, "Mama wa Malawi! Mama wa Malawi!" Ine amayi ndinali nditawaona kale. Anakhala pansi m'mphepete mwa msewu, miyendo atatambasula ngati ali pamaliro. Duku linali litagwa, nsapato imodzi palibe, chitenje chatsopano chija chili fumbi. Anthu ankangowalambalala, ena kuwadumpha miyendo. Amayi anga, amene akatsokomola nyumba yonse inkakhala chete, apa ankaoneka ang'ono ngati mwana wotayika. Chithunzi chimenecho chimandiwawa mpaka lero.

Achemwali Asiyatu ndiwo anayamba kufika. Anali akusuzumira m'matatu iliyonse yolowa kufunafuna ya mkango wofiira, ndipo anakwera akupuma mwabefu, maso ali psuu. Ine ndinaimirira, miyendo itachita dzanzi, n'kuwapatsa chikwama chawo.

"Achemwali, malo anu awa," ndinatero.

Anandiyang'ana. Kenaka anangodzigwetsa pampando paja n'kuyamba kuseka, misozi ikutsika. Amayi anafika akutsimphina ndi nsapato imodzi. Sanandikalipire, sanandifunse kanthu. Anandigwira mutu, makutu, mapewa, ngati akuona ngati zonse zilipo. Atatero anatembenuka n'kugwada pansi, pafumbi pomwepo, kuthokoza kondakitala ndi manja awiri monga timachitira kwathu. Mnyamata uja anasowa poyang'ana. Anawadzutsa msangamsanga, poti anali kutsekereza anthu ofuna kukwera.

Matatu ija tsopano inkabwerera ku Kitengela, ndipo achemwali Asiyatu sanatsike. Anati sangatisiye tokha, tingasowenso. Choncho mlendo amene tinanyamuka m'mawa kukamuperekeza ndiye anatiperekeza mpaka pageti pathu, ufa ndi usipa wake n'kubwerera m'khitchini momwe zinachokera. Njira yonse amayi anandikhazika pamiyendo pawo, chimwana chachikulu ngati ine, atandigwira mkono mpaka kusiya zidindo za zala. Madzulo ake achemwali Asiyatu anandinong'oneza kuti m'tauni muja anakafika kwa wapolisi, ndipo iye atafunsa kumene mwanayo amakhala, amayi anayankha kuti ku Kitengela, nyumba yomaliza.

Bambo atabwera n'kumva nkhaniyi anayamba kutukwana matatu, madalaivala ake ndi mzinda wonse. Anamaliza n'kunena kuti mankhwala ake ndi kugula galimoto yachiwiri. Amayi sankatsutsana ndi bambo ife tikumva, koma tsiku limenelo anatero. Anati galimoto imodzi yatichititsa kale khungu banja lonse, yachiwiri idzatigonthetsa m'kutu. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse achemwali Asiyatu akabwera ankatitenga ine ndi amayi kukatiphunzitsa mzinda: nambala ya matatu yakwathu, potsikira, pokwerera ya ku Westlands, ndiponso mawu ouza kondakitala kuti aime. Amayi anadzafika pomakangana ndi makondakitala m'Chiswahili chothyokathyoka, bambo akumva manyazi.

Zaka zingapo zapitazo ndinapitanso ku Nairobi pa ntchito, ndipo ndinapempha woyendetsa takisi kuti andifikitse ku Kitengela. Msewu wa ku Mombasa tsopano uli ndi unzake pamwamba pake, koma pansi anthu akuimabe mumdipiti. Tinazungulira pakati pa nyumba zosanja mpaka woyendetsayo anatopa, ndipo nyumba yathu sindinaipeze. Nditamuuza za mbidzi anaseka mwaulemu.

Ndinkayesa kuti zimenezi ndi za ku Nairobi, koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lero ndimakhala kunja kwa Lilongwe, kumene kale kunali minda ya chimanga, chifukwa mnzanga wina anandiuza kuti pagalimoto m'pafupi. Nditamanga, nyumba yanga inali yomaliza. Pano kuseri kwake kuli mizere ya nyumba za anthu ochokera m'maboma onse, ndipo tsiku lina ndinadzimva ndikudandaula kuti obwera achuluka. Timanyamuka kusanache, mwana wanga wamkazi Tadala ali m'bulangeti kumpando wakumbuyo.

Mwezi wathawu ndinamufunsa mocheza kuti nditati ndamusiya kudepoti, angauze anthu kuti kwawo n'kuti. Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti, "Kwathu n'kumene mumazimitsa galimoto, adadi."

Ndinaseka kuti asaone kuti ndachita mantha. Loweruka lotsatira makiyi ndinawasiya patebulo, ndipo tinayenda wapansi kuchoka pageti mpaka pasiteji, iye akutchula chigayo, mjigo ndi sitolo iliyonse imene tinkadutsa. Minibasi inafika ili ndi mipando yambiri yopanda anthu, ine ndikufuna kukagula madzi tsidya lina la msewu. Ndinayang'ana mipando ija, ndinayang'ana mwanayo, ndipo tinawoloka msewuwo tonse awiri nditamugwira dzanja.